Mulungu Anakhala Liti Mwamuna?

Lamlungu lina madzulo, pa pulogalamu yathu ya mafunso a cipembedzo, ambuya ena anatuma foni kucokera kumudzi. Mau ao anali otsika, ngati a munthu amene wakhala ndi nkhani masiku angapo asanalimbe mtima. Mdzukulu wao wamkazi wa giredi 7 anabwera kunyumba akulira. Polemba nchito ya kusukulu m'Cingelezi, ponena za Mulungu analemba she. Aphunzitsi anazunguliza liulo ndi bolopeni yofiira nalemba He pamwamba pake, ndipo anzake anamuseka kuti watukwana Mulungu. Funso la ambuyawo linali lalifupi: "Mwana wanga, kodi mdzukulu wangayu wacimwa?"

Ndisanayankhe, abambo ena analowa pa laini yaciwiri. Iwo analibe cikaiko. Anakamba kuti Mulungu ndi mwamuna, ndiye cifukwa cake mwamuna ndi mutu ndipo mkazi ayenera kudziwa malo ake. Nthawi inali itatha, ndinaika nyimbo, ndipo ndinalonjeza kuti tidzabwereranso ku nkhaniyi. Ine sindine mbusa kapena mkatekisi, ndimangothandiza pa wailesi. Zinanditengera masabata atatu, kubwereka mabuku ndi kuwerenga pa foni usiku, kuti ndipeze kumene He ameneyu anacokera.

Cinthu coyamba cimene ndinazindikira cinali pakamwa panga pomwe. M'Cinyanja tilibe he, tilibe she. Tili ndi iye cabe. Amai akapita kumunda timati apita, atate akapita timati apita. Mukawerenga Baibo yathu kucokera ku Genesis kufikira ku Cibvumbulutso, simudzapeza mlowam'malo amene akuuzani kuti Mulungu ndi mwamuna, cifukwa cilankhulo cathu cilibe cida cotero. Mwana uja sanali kuphunzitsa ciphunzitso catsopano. Anacita zimene tonse olankhula Cinyanja, Cinsenga, Citumbuka kapena Cibemba timacita tikamakamba Cingelezi mofulumira: timasokoneza he ndi she ngakhale pokamba za amai athu otibala. Ine ndinacitapo zimenezi pa maikolofoni, Chipata yonse ikumva.

Olemba Cipangano Cakale sanali ndi ufulu umenewu. M'Ciheberi dzina lililonse la cinthu liyenera kukhala lacimuna kapena lacikazi, palibe njira yapakati. Dzanja ndi lacikazi, dziko ndi lacikazi, nyumba ndi yacimuna. Aneni nawonso amasintha maonekedwe kulingana ndi amene wacita cinthuco. Munthu sangalembe m'Ciheberi kuti Mulungu analenga popanda kusankha mbali imodzi. Ndipo mbali yacimuna ndiyo inali kugwira nchito ya onse: m'gulu la akazi khumi mukalowa mwamuna mmodzi, galamala imatembenukira ku cimuna. Conco gawo lina la yankho ndi malamulo a cilankhulo cabe, monga mmene ife timanenera kuti mtengo wagwa koma cingwe caduka, popanda kuganiza kuti pali cinsinsi.

Koma ndingakhale ndikunama ndikati ndi galamala yokha. Aisraeli anali anthu otsata kucimuna. Munda, dzina ndi colowa zinali kupita kucokera kwa atate kupita kwa ana aamuna. Mfumu inali mwamuna, woweruza pa cipata anali mwamuna, ansembe onse anali amuna. Pofuna kukamba za mphamvu yoposa zonse, anatenga mau amene anali nao pafupi: Mfumu, Mbuye, Mbusa, Mtsogoleri wa magulu a nkhondo. Cimene cinandidabwitsa ndi cakuti dzina lakuti Atate silipezeka kawirikawiri m'Cipangano Cakale. Malo amene Mulungu akuchedwa Atate ndi owerengeka cabe. Amene analiika patsogolo ndi Yesu. Mu Uthenga wa Yohane wokha Mulungu akuchedwa Atate koposa ka 100, ndipo liu la Ciaramu lakuti Abba linasungidwa m'Cipangano Catsopano osatembenuzidwa, ngati kuti olembawo anaopa kulikhudza.

Pali mbali ina ya mbiri imene sitimaiphunzira ku Sande sukulu. Mitundu yozungulira Israeli inali ndi milungu yaimuna ndi yaikazi, yokwatirana ndi kubereka. Mapale amene anafukulidwa ku Ugarit, m'mbali mwa nyanja ku Syria, kuyambira mu 1929, amakamba za mulungu wamkulu El ndi mkazi wake, amene m'Baibo timamudziwa ndi dzina lakuti Asera. Mu 1975 ndi 1976 akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Ze'ev Meshel, anakumba pa malo ochedwa Kuntillet Ajrud m'cipululu ca Sinai. Anapeza mitsuko yaikulu ya zaka za m'ma 800 Yesu asanabadwe, ndipo pa mitsukoyo panali mau a madalitso ochula Yehova pamodzi ndi Asera wake. Akatswiri amatsutsana ngati Asera pamenepa ndi mulungu wamkazi kapena mzati wopatulika umene unali kuimikidwa pafupi ndi guwa. Koma Baibo yeniyeniyo sibisa kuti Asera anali m'kacisi wa ku Yerusalemu. Buku la 2 Mafumu caputala 23 limafotokoza kuti mfumu Yosiya, ca m'ma 622 Yesu asanabadwe, anaturutsa cifanizo cake m'kacisi, nacitentha ku cigwa ca Kidroni, nagwetsa zipinda mmene akazi anali kulukira Asera nsalu. Pambuyo pake, pa Yeremiya 44, akazi Aciyuda othawira ku Iguputo akukangana ndi mneneriyo maso ndi maso, akumuuza kuti zinthu zinaipa cilekereni kufukiza kwa Mfumukazi ya Kumwamba.

Apa ndi pamene nkhaniyi imapindika. Aneneri anapambana: Mulungu wa Israeli anakhala mmodzi, wopanda mkazi, wosabadwa, wosalenga dziko mwa kugona ndi wina monga milungu ya anansi. Kunena mwacidule, anamucotsa m'nkhani za thupi. Deuteronomo 4 amaletsa kupanga fano la Mulungu, ndipo amachula mwacindunji maonekedwe a mwamuna ndi a mkazi, onse awiri oletsedwa, cifukwa pa phiri anthu anamva mau koma sanaone thupi. Numeri 23 ndi Hoseya 11 amakana kuti Mulungu ndi munthu. Genesis 1 amaika mwamuna ndi mkazi onse m'cifanizo cake. Koma mulungu wamkazi atacotsedwa, mau amene anatsala pakamwa pa anthu anali acimuna okha. Ciphunzitso cinati Mulungu alibe thupi, galamala inapitiriza kunena cimuna tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tidziwa kuti cimene khutu limamva tsiku lililonse cimakhazikika kuposa cimene limamva kamodzi pa caka.

Ngakhale zinali tero, alembi omwewo sanaope kutenga mafanizo kwa amai. Deuteronomo 32 amadzudzula Israeli poiwala Mulungu amene anamubala ndi zowawa za pobereka. Mu Yesaya 42 Mulungu akudzifanizira ndi mkazi wobuula pa nthawi yocira. Mu caputala 49 akudziyerekeza ndi mai woyamwitsa, ndipo mu 66 ndi mai wotonthoza mwana. Liu la Ciheberi la cifundo, rachamim, lili pa muzu umodzi ndi rechem, ciberekero. Yesu mwini anadzifanizira ndi nkhuku yofungatira anapiye, ndipo pa Luka 15, pakati pa fanizo la mbusa wotaya nkhosa ndi la atate wa mwana wolowerera, anaika mzimai wosesa m'nyumba kufunafuna ndalama yake. Pa mafanizo atatuwa, awiri tawaona pa makalenda ndi pa makoma a machechi. Mzimai wa tsace uja ine sindinamuonepo atajambulidwa.

Nkhani ya Mzimu Woyera ndiyo imaonetsa poyera kuti galamala si thupi. M'Ciheberi liu lakuti ruach nthawi zambiri ndi lacikazi. Litalowa m'Cigiriki linakhala pneuma, liu losakhala lacimuna kapena lacikazi. Litafika m'Cilatini linakhala spiritus, lacimuna. Mzimu mmodzi, zilankhulo zitatu, mayankho atatu. Jerome, amene anatembenuzira Baibo m'Cilatini ca m'ma 400, anaiona nkhaniyi, ndipo pofotokoza buku la Yesaya anati izi zimationetsa kuti mwa Mulungu mulibe cimuna kapena cikazi. Akristu olankhula Cisiriya, cilankhulo ca pa ubale ndi Ciaramu ca Yesu, anali kukamba za Mzimu Woyera ndi mau acikazi kwa zaka mazana angapo, ndipo mlembi wao Aphrahat, wa m'zaka za m'ma 300, anamucha mai. Ca m'ma 400 anayamba kusintha, kukakamiza liu lacikazi kuti liyende ndi aneni acimuna. Mu 380, Gregory wa ku Nazianzus, mmodzi wa aphunzitsi akuluakulu a ciphunzitso ca Utatu, analalikira ku Constantinople nawaseka anthu oganiza kuti Mulungu ndi mwamuna cifukwa ca maonekedwe a liu. Anawafunsa ngati Umulungu udzakhala mkazi popeza liu lake m'Cigiriki ndi lacikazi. Awa si anthu a masiku ano ofuna kusintha chechi. Ndi makolo a chechi ceniceni.

Nanga nkhalamba ya ndevu zoyera imene ambiri a ife timaiona tikatseka maso inacokera kuti? Kwa zaka pafupifupi 1000, ojambula Acikristu anali kuopa kujambula Mulungu Atate. Anali kuika dzanja cabe loturuka mumtambo. Pang'onopang'ono ku Ulaya anayamba kujambula nkhope, kenako thupi lonse, potengera masomphenya a pa Danieli 7 a Nkhalamba ya kale lomwe, ya tsitsi loyera. Pakati pa 1508 ndi 1512 Michelangelo anajambula denga la Sistine Chapel ku Rome, ndipo cithunzi cake ca mwamuna wokalamba wa minofu, wotambasulira Adamu cala, cinafika pa dziko lonse. Si onse anakondwa nazo. Msonkhano waukulu wa chechi ca Orthodox ku Moscow mu 1667 unaletsa kujambula Atate monga nkhalamba. Ndipo ku England, mai wina wodzipatula kupemphera, Julian wa ku Norwich, amene anaona masomphenya mu 1373 ali pafupi kufa, analemba mosaopa kuti Mulungu ndi Atate komanso Mai, ndipo anamucha Yesu Mai wathu. Mau ake anakhala m'makope ocepa olembedwa pamanja kwa zaka mazana atatu asanasindikizidwe. Zithunzi za nkhalamba zija ndizo zinakwera sitima.

Zinatifika kuno ndi amishoni. A Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899, ansembe a White Fathers anakhazikika pa Kachebere mu 1903. Baibo yathunthu ya Cinyanja, Buku Lopatulika, inaturuka mu 1922, nchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya ku Nkhoma. Otembenuzawo sanabwere ndi dzina la Mulungu m'cikwama, analipeza kuno. Makolo athu anali nao maina ambiri: Mulungu, Cauta, Leza, Mphambe, Cisumphi, Namalenga. Anasankha Mulungu, ndipo dzina lopatulika la Ciheberi analilemba Yehova. Buku Loyera la mu 1998 linabwezera Cauta pa malo amenewo. Pa maina onsewa palibe limene limalengeza cimuna. Cauta amachula uta wa Leza ndi mvula, Mphambe amachula mphezi ndi mphamvu, Namalenga amachula kulenga.

Ena amati Namalenga ndi dzina lacikazi, poona na- uja amene ali mu Nabanda, Naphiri, namwali ndi namkungwi. Ine ndimakonda ganizo limeneli koma sindilikhulupirira ndi mtima wonse, cifukwa na- yemweyo ali mu namondwe, nanzikambe ndi nalimata. Sindifunanso kuti tinamizane kuti makolo athu sanaganizepo za Mulungu monga mwamuna. Pa kacisi wa mvula wa ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama ku Malawi, mkulu wa kacisiyo anali mkazi, Makewana, mai wa ana onse. Sanali kukwatiwa ndi munthu cifukwa anali kuwerengedwa mkazi wa Cisumphi. Ngati pali mkazi wa Mulungu, ndiye kuti m'maganizo a anthu pa malo amenewo Mulungu anali kuima ku mbali ya mwamuna. Koma onani zotsatira zake. Ku Msinja, kuyerekeza Mulungu ndi mwamuna kunaika mkazi pa mpando waukulu wa cipembedzo, ndipo mafumu anali kutumiza mphatso kwa iye popempha mvula. Ku mishoni, fanizo lomwelo linaika amuna okha pa guwa. Isabel Apawo Phiri analemba buku lonse mu 1997 za zimene akazi Acicewa anataya pakati pa Msinja ndi Nkhoma.

Gawo limene landikhalitsa maso usiku ndi la mau awiri amene timawachula tsiku lililonse, Atate ndi Ambuye. Kwa Mhebri kapena Mroma, atate anali mwini zonse. Pa malamulo a Aroma, mutu wa banja anali ndi ulamuliro pa ana ake ngakhale atakula ndi kukwatira. Koma m'mudzi wa Acewa kapena Ansenga wa mu 1900, atate anali ndani? Kawirikawiri anali mkamwini, munthu wobwera, wokhala pa mudzi wa mkazi wake ndi kulima munda wa apongozi. Ana anali a mbumba ya mai ao. Wokamba mlandu wao, wobvomereza ukwati wao, wosiyira mpando, anali malume, mlongo wa mai. Atate anali munthu wa cikondi, wokusemera mpini ndi kukugulira malaya, koma ukwati ukatha anali kunyamula nkhwangwa yake nabwerera kwao. Ndimayesa kuganiza za mai wa ku Katete kapena ku Petauke akumva koyamba kuti Mulungu ndi Atate. Kodi anamva wolamulira wa zonse, kapena anamva munthu wokoma mtima amene angathe kucoka? Mnzake wacingoni wa kwa Mpezeni, kumene ana ndi a bambo ndipo ng'ombe za malowolo zalipidwa, anamva cina. Liu limodzi, makilomita ocepa, matanthauzo awiri.

Ambuye ndiye amandisangalatsa kwambiri. Ndilo liu limene otembenuza anasankha pa Kyrios wa Cigiriki, amene Angelezi amati Lord, liu lacimuna kotheratu m'zilankhulo zonse ziwiri. Koma kwathu mbuye ndi mwini mbumba, wamkulu wa kucikazi. Kwa Acewa ambiri ambuye ndi malume kapena agogo, ndipo kuno ku Zambia tikati ambuya, munthu woyamba kubwera m'maganizo ndi nkhalamba yaikazi yokhala pa mphasa, yosungira adzukulu nshawa m'nsalu. Kusiyana kwake ndi cilembo cimodzi. Caka ciliconse cimene takhala tikufuula Ambuye m'chechi, takhala tikugwiritsa nchito liu lozika mizu ku banja la mai, mosadziwa. Sindikunena kuti otembenuza analakwitsa. Ndikunena kuti cilankhulo cathu cinafewetsa cimene cinabwera colimba.

Mkangano wa masiku ano wa he ndi she unabadwira kumene vuto lili, m'Cingelezi ndi zilankhulo za ku Ulaya. Mu 1973 Mary Daly wa ku America anaturutsa buku lakuti Beyond God the Father, mmene anatsutsa kuti kujambula Mulungu monga mwamuna kumapangitsa amuna kudziyesa timilungu m'nyumba zao. Ambiri anakwiya naye, koma abambo aja a pa laini yaciwiri anamucitira umboni osamudziwa. Pa 10 September 1978, Papa John Paul I, amene anakhala pa mpando masiku 33 cabe, anauza anthu ku Rome kuti Mulungu ndi atate, koma koposa apo ndi mai. Katekisimu wa Akatolika wa mu 1992, pa ndime 239, amaphunzitsa kuti Mulungu si mwamuna ndipo si mkazi, ndi kuti cikondi cake cingafanizidwenso ndi ca mai. Koma chechi comweco mu 2008 cinagamula kuti ubatizo wocitidwa m'maina ena, monga Mlengi, Mombolo ndi Woyeretsa, m'malo mwa Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, si ubatizo. Ciphunzitso ndi cakuti dzina lakuti Atate tinapatsidwa ndi Yesu, sitinalipange ife, conco sitingalisinthe, koma dzinalo silikamba za ndevu kapena thupi. Asilamu ali pa malo ofanana. Ciarabu, monga Ciheberi, cilibe njira yapakati, ndipo Korani imagwiritsa nchito huwa, mlowam'malo wacimuna, pomwe sura 112 imakana kuti Allah anabala kapena anabadwa, kapena kuti pali wofanana naye.

Kumene ine ndaima ndi apa. Pemphero la Atate Athu sindidzalisintha. Ndinaliphunzira pa miyendo ya amai anga, ndipo sindiona cifukwa cotengera ndeu ya Cingelezi kuilowetsa m'cilankhulo cimene cilibe nthendayo. Ndamvapo acinyamata ena ophunzira akufuna kuti tizinena Mulungu Mai cifukwa anaziona pa Facebook, ndipo ndimawafunsa ngati anayamba amvetsetsa iye ndi Ambuye zimene ali nazo kale. Koma cimene ndikukana ndi mtima wonse ndi mlatho umene abambo aja anamanga, wocokera pa He kukafika pa mkazi kukhala pansi. Mlatho umenewo ulibe nsanamira m'Ciheberi, ulibe mwa Jerome kapena Gregory, ulibe m'katekisimu, ndipo m'Cinyanja mulibe ngakhale mtsinje woti uolokedwe. Amene afuna kukamba za udindo wa mwamuna ndi mkazi m'banja kapena pa guwa abwere ndi mavesi ake tikambirane, pulogalamu ilipo. Asabise nkhaniyo kumbuyo kwa kalembedwe ka Azungu. Ndakhala pa wailesi nthawi yokwanira kumva azimai akutuma foni usiku, akunong'ona kuti amuna ao asamve, akufunsa ngati kumenyedwa ndi mbali ya kugonjera. Ambiri a iwo anaphunzitsidwa kuti wowamenyayo amafanana ndi Mulungu kuposa iwo.

Pa Lamlungu lacinai ndinabwerera ku nkhaniyi. Ndinali ndi mphindi 25, zocepa kwambiri, ndipo za Kuntillet Ajrud ndinazidumpha poopa kupunthwa lilime. Ndinauza ambuya aja kuti mdzukulu wao sanacimwe, anaphonya cabe mwambo wa kalembedwe ka Cingelezi, ndipo pa mayeso azilemba He ndi cilembo cacikulu kuti asataye mamakisi. Abambo a pa laini yaciwiri sanatumenso. Ambuyawo anatuma pulogalamu ili pafupi kutha, foni yao ikudukaduka. Anati mwanayo ali pambali pao akumvetsera, ndipo wafunsa ngati angatenge buku lake kukaonetsa aphunzitsi za Yesaya 66. Ndinati atenge, koma apite mwaulemu, ndipo asapite pa nthawi ya kalasi anzake akuona.